Tsiku Limene Adada Anathirira Injini

Mthuthuthu umene ndikunena pano si timithuthuthu ta kabazati tadzaza pa Boma masiku ano, tolira ngati udzudzu. Wanga unali chinthu chakalekale, chakuda bii, cholemera moti chikakugwera pamwendo umayenera kuitana anthu awiri. Injini yake inali ndi mitu iwiri, wina wotulukira kumanja wina kumanzere, ngati mphika wa makutu. Tcheni unalibe. Kumbuyo unali ndi mabokosi awiri achikopa, ndipo mpando wake unali wautali, wokhalapo anthu awiri popanda kupanikizana. Anaupangira maulendo ataliatali, ndipo unabadwa ine ndisanabadwe.

Mwini wake woyamba anali wansembe wina wachizungu, wokalamba, wa pa mishoni imene ndinkagwirapo ntchito yothandiza dokotala. Anthu ankangonditchula kuti adokotala, ine osakana. Kwa zaka zitatu, Loweruka lililonse masana, ndinkawathandiza abambowo kupukuta mapulagi ndi kusintha oilo. Maondo atawakana, akukonzeka zobwerera kwawo, anandiitana n'kundiika kiyi m'dzanja. Iwo anandipatsa lamulo limodzi lokha, m'Chichewa chawo chokhotakhota chija.

"Injini iyi simwa madzi, imamwa mphepo. Ikamalira iziyenda. Ukaisiya ikulira itaima, ipsa."

Ndinaukonda mthuthuthuwo, ndisaname, ndinaukonda mopitirira muyeso. Ukawoloka mlatho wa Dwangwa kulowera kumpoto, msewu umawongoka, dziko limangoti see, ndipo m'mwezi wa Febuluwale fodya amakhala wobiriwira mbali zonse mpaka kumene maso alekezera. Pamenepo ndinkaika giya yomaliza n'kuusiya uziyenda wokha. Sunali wa liwiro. Unkangoti du-du-du-du, mawu ake ochokera pansi, ndipo ukanatha kuyenda choncho tsiku lonse osadandaula. Nyengo yopachika fodya, fungo la m'zigafa linkandilowa m'chisoti ndikamadutsa m'midzi. Ndinali nditaidziwa injini imeneyo moti kachitsulo kamodzi kakangomasuka pang'ono, khutu langa linkandiuza ndisanafike kunyumba.

Mkazi wanga ankautchula kuti mkazi mnzake. "Mwana akatsokomola simumva," ankatero, "koma mkazi mnzangayu akangoyetsemula, mwatenga kale sipanala." Ine ndinkaseka, poganiza kuti akundiyamikira.

Munthu mmodzi yekha ndiye sindinathe kumukweza, adada anga. Kwathu ndi kwa Simlemba, ndipo adada anali mlimi wa fodya chiyambire unyamata wawo, komanso mkulu wa mpingo. Ndinawachonderera kangapo konse kuti angolawa, ngakhale kuchoka pakhomo kufika kutchalitchi basi. "Yayi, mwana wane," ankayankha. "Chiuta anandipatsa miyendo iwiri. Ikadzatha ndidzakuuza."

Adada sankaopa njoka, sankaopa afisi, koma moto. Ndili sitandade faifi, chigafa chathu chinapsa ndi fodya wa chaka chonse, ndipo chaka chimenecho tinadya gaga. Kuyambira pamenepo, pafupi ndi chigafa pankakhala mgolo wa madzi nthawi zonse, ndipo tonse tinakula ndi lamulo lawo: ukamva wina akukuwa kuti chapsa, sufunsa kuti n'chiyani, umathira madzi kaye, mafunso pambuyo.

Chinthu china chimene adada sankachitira masewera ndi nazale. Amene sanalimeko fodya amaganiza kuti ntchito imayamba mvula ikagwa. Imayamba dzuwa likuswa mtengo, kudambo, pa mabedi a mbande zofuna madzi m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku, mpaka nthawi yowokera. Ukajomba masiku awiri okha, chaka chatha. Chitsime chathu chinali kumunsi, mabedi kumtunda, ndipo adada ankakwera kamtunda kameneko ndi makeni awiri odzaza, ina dzanja ili ina dzanja ilo. Kuthirira sankalola wina aliyense. Ankati dzanja la munthu wina limakokolola mbewu. Ife ana ntchito yathu inali kutunga basi.

Chaka chimene ndikunenachi anandituma ku Lilongwe kukachita maphunziro a miyezi iwiri. Nyumba yathu ya kuntchito inalibe posungira chinthu chotere, ndipo akuba anali atavuta. Ndiye kumayambiriro kwa Sepitembala ndinaupititsa mthuthuthu kumudzi. Adada ndinawapeza kudambo akutentha mapesi pa mabedi. Ndinaona kuti majombo awo awang'amba ndi mpeni m'mbali, kuchokera pamwamba mpaka pa kakolo.

"Adada, majombo abwinobwino alakwanji?"

"Akutentha chomene. Ndawatsegulira mawindo."

Tinaseka tonse. Potsanzikana sanandiperekeze mpaka kunjira monga ankachitira nthawi zonse. Anangokhala pa keni yovundikira n'kukweza dzanja. Ine ndinati ntchito yawachulukira.

Mthuthuthu ndinauimika m'chigafa, poti nyengo imeneyo chimakhala chopanda fodya, n'kuufunditsa masaka. Kiyi ndinapatsa amama. Kenako ndinalalikira ulaliki wonse wa wansembe uja, kuti injini imeneyi imamwa mphepo, kuti isalire itaima, kuti wina asaukhudze. Ulalikiwo kwenikweni unkapita kwa alamu anga, amuna a mlongo wanga, a m'mudzi woyandikana nawo. Iwo ndi aja amakonza njinga zakapalasa, mawailesi, maambulera, chilichonse chokhala ndi sikuluu. Anali ataima potero akuuyang'ana mthuthuthu wanga, ndipo maso awo sindinawakonde.

Ndinabwerera kumapeto kwa Okutobala, kukutentha koti ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasa. Nditatsika minibasi ndinakwera kabaza mpaka kumudzi, kamthuthuthu kake kakundigwedeza matumbo njira yonse, ine mumtima ndikuti pirira, mawa ukhala pa wako. Nditafika pakhomo sindinaodire n'komwe. Ndinalunjika kuchigafa, chikwama chili kumsana.

Masaka anali ataunjikidwa pakona. Pansi panali kadontho ka oilo. Ndipo potsamira mzati panali tayala, tayala lakumbuyo la mthuthuthu wanga, lopanda limu, lopanda mthuthuthu.

Ndinaligwira tayalalo, n'kulitembenuza, ngati kuti mthuthuthu ungakhale utabisala mkati mwake. Ndinaitana amama, zii. Ndinaitana adada, zii. Mudzi wonse unali wopanda munthu. Ndili chiimire choncho, mphepo inatembenuka, ndipo ndinamva kuchokera kudambo: du-du-du-du.

Mawu amenewo ndikanawazindikira pakati pa injini chikwi. Koma sanali kuyenda. Sanali kuyandikira, sanali kutalikira, ankangolira pamalo amodzi, ndipo anali atasasa. Ndinathamanga.

Zimene ndinaona kudamboko mpaka lero ndikamazifotokoza anthu amati ndikuwonjezera mchere. Pafupi ndi chitsime anali atamanga kachisakasa ka udzu. Pansi pake, pa matabwa awiri, panaima mthuthuthu wanga, pa sitandi yake yapakati, gudumu lakumbuyo lili m'mwamba. Limu yopanda tayala inali kuzungulira, ndipo pa limupo anakolekapo lamba wa chigayo. Lambayo ankapita pa chipampu chadzimbiri chimene sindinachionepo chibadwire. Kuchoka pa pampupo, paipi yakuda inakwera kamtunda kaja mpaka m'migolo iwiri pakati pa mabedi, ndipo pamigolopo panali mzere wa anthu a m'mudzi, aliyense ndi keni yake.

Pampando wanga panakhala alamu anga, dzanja lili pa mafuta, kumutu atavala chisoti changa. Chisoti! Pa mthuthuthu wosayenda!

Ndipo mbali ino ya injini kunagwada amama, mbali inayo mlongo wanga, aliyense ndi lichero m'manja, akukupiza mutu wa injini umene unali mbali yake, thukuta lili kamukamu. Ulaliki wanga anaumva bwino lomwe. Ndinati imamwa mphepo, ndiye anali kuimwetsa mphepo.

Adada anali atakhala pa mpando wandalema mumthunzi, manja ali pamaondo, akuyang'ana madzi akutuluka m'paipi. Chibadwire sindinawaonepo adada atakhala pansi kunazale nthawi yothirira. Zimenezo ndinaziona ndithu, koma mutu wanga sunaziwerenge. Mphuno yanga inali itamva kale fungo la oilo wopserera, ndipo maso anga anali pa kautsi kobiriwira kamene kankafuka pa mutu wakumanzere.

Ndikanayenda bwinobwino n'kukatembenuza kiyi, bwenzi nkhani ino kulibe. Injini ikanazizira yokha. Koma ine ndinakuwa ndili patali, ndi mawu onse amene ndinali nawo.

"Zimitsani! Yapsa! Injini yapsa!"

Mawu amenewo sunenera pafupi ndi adada. Ndinawaona akudzambatuka pampando paja. Panali mayi wina amene ankadutsa ndi keni yodzaza madzi a pachitsime, ozizira. Adada anamulanda keniyo, anathamanga nayo mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, anaikweza m'mwamba, n'kuikhuthulira yonse pa mutu wakumanzere uja.

Nthunzi inangoti phuu, kubisa onse. Mkati mwa nthunzimo munamveka kuti thwa! ngati mphika wadothi ukasweka pamoto. Injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Lamba anazungulirabe pang'ono, kenako anagwa. Dambo lonse linangoti zii.

Ndinawakankha alamu anga n'kugwada pa injinipo. Mng'alu unayambira pa pulagi n'kutsika kudula timapiko tonse ta mutuwo, ndipo oilo wakuda anali kutuluka pang'onopang'ono n'kumasakanikirana ndi matope. Chitsulo chotentha chotero sichithiridwa madzi. Chinthu chimene chinayenda misewu ya dziko lino zaka zonsezo osagonja chinafera m'manja mwanga, pa nazale ya fodya.

Mkwiyo wanga ndimaudziwa, ndipo tsiku limenelo unatuluka wonse. Alamu anga ndinawanena zonena, pamaso pa akazi awo ndi mudzi wonse. Ndinawauza kuti manja awo ndi a chiswe, chilichonse akhudza chimasanduka dothi. Anthu a pamzere aja ndinawafunsa ngati anamva kuti ndagula chigayo. Kenako ndinafika pa adada, ndisanacheuke n'komwe, maso ali pa mng'alu.

"Nanga inu adada, mumayesa mbande imeneyi? Zaka zonsezi ndikukupemphani kuti mukwere mukukana, lero mwaona kuti kuli bwino mungoipha? Mwandiphera, adada! Mwandiphera!"

Ndinamva amama okha, mawu awo ali otsika.

"Iwe. Cheuka."

Ndinacheuka. Adada anali pansi, atagwada, manja onse ali m'matope, keni ili gada pambali pawo. Pakamwa panali potsegula, mapewa akukwera ndi kutsika, koma mpweya sunkalowa. Milomo yawo inali itatuwa. Jombo limodzi linali litavuka pothamanga paja, ndipo ndinaona phazi lawo. Linali lotupa ngati mtanda wa buledi, kakolo osaoneka n'komwe. Ndinadina chala pamsongolo, ndipo pamene ndinadinapo panatsala dzenje losabwerera.

Mawindo aja.

Chomvera m'chifuwa chinali m'chikwama chimene chinali chikadali kumsana kwanga. Ndinachitulutsa, ndinawakweza malaya n'kuchiika pamsana pawo. M'munsi mwa mapapo onse awiri munkangoti tswetswetswe, ngati mchere ukagwera pamoto. Mtima unali kuthamanga, kudumphira, kuthamanganso. Sizinafune dokotala wamkulu. Mtima wa adada unali utatopa kalekale, ndipo madzi anali atadzaza m'chifuwa. Zizindikiro zonse zimene ndinkaphunzitsa anthu kuchipatala zinali pamaso panga kuyambira tsiku lija ndinkaseka majombo.

Tinawakhazika tsonga pampando, ndipo mpweya utayamba kubwerako, amama ndiwo anayankhula.

"Chiyambire Julaye keni ikuwalemera. Akakwera kamtundaka amapuma katatu. Kugona amagona chokhala. Ndinati timuuze mwana, iwo akuti yayi, mwana ali ndi sukulu, musamusokoneze."

Alamu anga anali atavula chisoti, atachigwira pamimba ndi manja awiri. Anayankhula akuyang'ana pansi.

"Alamu, ine ndalakwa, sindikukana. Koma tsiku lina ndinabwera kuno m'mawa, ndinawapeza adada atakhala pakati pa kamtundaka, keni ili theka, misozi ikutsika. Mbande zinali zitayamba kufota. Ndinati nditenge keni ndithirire, anandikaniza, mukuwadziwa. Ndiye ndinakumbuka pampu iyi, inangotayidwa ku esiteti ina yotsekedwa, injini yake inafa kale. Ndinati madzi akafika okha pamabedi, adada azingotunga pang'onopang'ono ndi keni yaing'ono, n'kumathirira okha monga amafunira."

Ndinafunsa kuti zayenda masiku angati. Anati masabata atatu.

"Timasamala, alamu. Timaimba nyimbo ziwiri za m'buku, zikatha tizimitsa, ipume. Koma sabata ino zitsime za anzathu zauma, ndiye adada anati madzi sakanizana. Lero ndiye tinapitirira."

Amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo ndinayesa kudzitonthoza nawo mwambi umenewo, kuti adadawo ndiwo anabisa. Koma sunagwire. Mlamu wokonza maambulera anaona zimene adokotala sanaone. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitepo kwina kulikonse.

Kuchipatala tinapita pa ngolo mpaka kumsewu, kenako pa matola. M'ngolomo ndinakhala kumbuyo kwawo, iwo atatsamira pachifuwa panga kuti apume bwino, ng'ombe zikuyenda mwa ulesi wake, dzuwa likutiwotcha. Njira yonse ndinkangoganiza za mpando wautali uja, wokhalapo anthu awiri, umene tinausiya kudambo.

Anagonekedwa masabata awiri. Ine ndinapempha tchuthi n'kubwerera kumudzi, chifukwa mbande sizidziwa kuti mwini wake wadwala. M'mawa woyamba ndinadzaza makeni awiri n'kuyamba kukwera kamtunda kaja. Ulendo wachisanu mapewa anali moto. Ulendo wachikhumi zala zinakana kufumbata. Ndinali ndisanafike ngakhale theka la mabedi, ine munthu wa zaka makumi atatu ndi mphambu, wa mtima wabwinobwino. Ndinakhala pansi pakati pa kamtundako, mwina pamalo pomwe alamu anawapeza adada, ndipo ndinalira ngati mwana. Alamu anga anabwera, anatenga keni imodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo tinkathirira awiri. Kupepesa ndinawapepesa komweko, tili ndi makeni m'manja.

Mthuthuthu tinaukankha anthu anayi kuubwezera m'chigafa, ndipo uli momwemo mpaka lero. Amakaniko a pa Boma anauona n'kupukusa mitu. Masiku ano ana amandionetsa pa foni kuti mutu wotero ungathe kuitanitsidwa kunja. Ndimayang'ana chithunzicho, n'kuwabwezera foni yawo.

Adada anatuluka m'chipatala ndi mapilitsi odzaza jumbo. Mvula yoyamba itagwa tinawokera, iwo akulozera ndi ndodo ali pampando kumutu kwa munda. Fodya wa chaka chimenecho anakula bwino kuposa zaka zonse, koma iwo sanamuthyole. Anatisiya tsamba loyamba lisanapse.

Kutatsala sabata ngati imodzi kuti atisiye, masana ena tinakhala awiri pakhonde. Chichitikire zija tinali tisanakambepo za tsiku lija. Ine ndinali nditakonza mawu anga kambirimbiri, koma ndinkalephera kuyamba. Anayamba ndi iwo, maso ali kuchigafa.

"Chinthu chako chija chingachire?"

"Mutu unasweka, adada. Koma zilibe kanthu. Ine ndi amene ndinalakwa, mawu aja ndinakunenani aja..."

Anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Anapuma kaye, poti mawu ankawatulutsa pang'onopang'ono.

"Unakuwa kuti yapsa. Ine ndinati chinthu cha mwana wane chisapse ndikuona."

Ndinangogwedeza mutu. Kenako ndinawaona akumwetulira.

"Koma chinagwira ntchito chomene. Chikwatirire amama ako, mwezi wa Okutobala sindinakhalepo pansi. Chaka chino ndinakhala masabata atatu, pampando, mumthunzi, madzi akukwera okha kamtunda kaja." Anapumanso. "Paja ndinati miyendo ikadzatha ndidzakuuza. Sindinakuuze. Koma chinandinyamula ndithu chinthu chako chija. Ndiye usamadandaule kuti adada sanakwere."

"Munakwera, adada," ndinatero.

"Eya," anatero. Kenako ananditumiza kumunda kuti ndikaone ngati nyongolotsi sizinayambe kudula fodya wa m'mizere yakumunsi.